Dongo Labodza la Msomali

Mutu 6

1. Mpata wa mtengo wa machesi

Galaja ya amalume ake a Msomali inali ndi chitseko chimodzi chamalata, zenera limodzi losatseguka ndi thebulo lalitali lathabwa. Thebulolo linamwa oyilo zaka zambiri mpaka linada bii, koma mizere ya thabwa inkaonekabe, yakuya ngati makwinya a nkhalamba.

Msomali anali mwana wa mlongo wawo. Dzinali anamupatsa anzake chifukwa anali wamtali, woonda, mutu wokha ndiwo waukulu. Bambo ake atamwalira anasiyira sukulu panjira, ndipo amalumewo anamutenga pamodzi ndi mayi ake n'kuwapatsa chipinda chakuseri kwa galaja. Lamulo linali limodzi: kuswa chitsulo n'kokhululukidwa, koma tsiku lomwe adzawanamize, adzachoka pamalopo.

M'mawa wa tsikuli m'galajamo munali kagalimoto kofiira ka mpikisano, kopanda mipando yakumbuyo. Injini yake anali ataimanganso yonse. Chinatsala ndi hedi, chivundikiro cholemera chija momwe mumakhala mavalavu. Hediyo inali pathebulo, mapisitoni ali pamtunda, akuwala ngati mbale zatsopano.

Amalume anali atavala jekete. Ankaperekeza mlongo wawo kuchipatala cha maso, poti mayi ake a Msomali anali atayamba kuona zinthu ngati zili mu utsi.

“Bwera kuno, ndipo usandiyang'ane ngati mbuzi yomva bingu,” anatero amalume. “M'kati mwa injini muli adani awiri. Pisitoni imakwera, valavu imatsika, koma njira yawo ndi imodzi. Amapatukirana ngati anthu okumana pamlatho wa mtengo umodzi. Wopanga galimoto anauyeza mpatawo, anaupatsa ulemu. Tsopano mwini kagalimotoka wakapalitsa hedi kuti mphamvu ichuluke, ndiye kuti denga latsika. Wagulanso kamu yatsopano, chitsulo chokankha mavalavu chija, ya zotupa zazikulu ngati mazira a bakha, ndiye kuti valavu izitsika kwambiri. Denga latsika, mlendo watalika. Chichitike n'chiyani?”

“Agundana,” anayankha Msomali.

“Kani m'mutumo muli kanthu.”

Amalume anatsitsa pashelefu kachitini ka dongo lobiriwira, lofewa lija ana amaumbira tinyama kusukulu.

“M'katimo diso silifika, n'chifukwa chake timatuma dongo. Dongo silinama, silidya chiphuphu, silithamangira mpikisano. Ulimate pamwamba pa pisitoni, ulipake oyilo. Ukweze hedi ndi gasiketi yakale ija yotseka pakati pa hedi ndi injini, yatsopanoyo usaikhudze. Uzungulitse injini ndi dzanja, pang'onopang'ono. Ikakana usaikakamize. Kenako utsitse hedi, uchotse dongo, ulidule ndi lezala pamene valavu yaponda. Likachindikala ngati mtengo wa machesi, mpata ulipo. Likachepera apo, mapisitoni tikawasemetsa timaenje. Uliike m'mbale umu, ndidzalione ndi maso anga.”

“Ndiye hediyi ndiikweze, ndiitsitsenso?”

“Msanawo unagula kuti ukuusunga?”

Amalume anazula kiyi m'galimoto n'kumuponya m'thumba la jekete.

“Kiyi ndi chitsiru, sadziwa kuima. Dzanja limamva. Injini yatsopano imayamba kuyenda ndi dzanja. Wamva?”

“Ndamva, amalume.”

Ana a masiku ano mawu akuti ndamva amangowapereka ngati moni.

2. Magalasi afika

Msomali anali atangomata dongo pa pisitoni yoyamba pamene mwini galimoto analowa. Anali mnyamata wosinkhukirapo, mwana wa mwini malole ambiri. Anthu ankamutcha Magalasi chifukwa ngakhale mvula igwe, magalasi akuda sankachoka kumaso kwake.

“Madala ali kuti?”

“Aperekeza amayi kuchipatala.”

“Ndiye lero galaja ili m'manja mwa amoyo.” Magalasi anasuzumira m'injini n'kuseka. “Nanga ichi? Mwatsegula sukulu ya mkaka? Undiumbireko ng'ombe, ya nyanga zake.”

“Tikuyeza mpata wa mavalavu, achimwene.”

“Mpata ndinayezetsa kale. Amene anandigulitsa kamuyi anati imangolowa, palibe chosema. Tamvera. Mpikisano ndi mawa, koma kuyesa magalimoto ndi lero masana, kubwalo lakale la ndege. Wosaoneka lero, mawa salowa. Galimotoyi ituluke muno dzuwa lisanapendeke.”

“Amalume anena kuti ndiwadikire.”

“Amalume, amalume. Ndevu zikumera, ukadali amalume. Madala akowo ntchito anaiphunzira nthawi ya Nowa. Akuopa kuti ukaliza injiniyi wekha, anthu adziwa kuti manja enieni muno ndi ako. Wakhala ukumanga ndani zonsezi? Si iwe? Iwo amangoloza ndi chala n'kumatukwana.”

Msomali anapukuta manja pakansanza, ngakhale manjawo anali oyera.

Magalasi anamukoleka mkono paphewa.

“Injiniya wanga, mpando wapambali panga ulibe munthu. Lero ukhalapo ndiwe. Mawa uvala ovolosi yofiira, anthu onse akuone. Kapena ukufuna kudzakalambira muno, ukuumba ng'ombe?”

Munthu akakutchula dzina lalikulu kuposa nsapato zako, gwira thumba lako, pali chimene akufuna. Koma Msomali chibadwire anali asanatchulidwepo injiniya. Muno mayina ake anali iwe, chitsiru ndi mlesi.

Anayang'ana dongo lija. Kenako analikanda ndi chikhadabo, n'kulibwezera m'chitini. Anapukuta pisitoni, n'kung'amba pepala la gasiketi yatsopano.

“Amuna amatero,” anatero Magalasi, n'kukhala pathebulo pomwe amalume sankalola munthu kukhalapo.

3. Sipanala ikana

Ntchito Msomali ankaidziwa, zimenezo tisamunamizire. Anakhazika hedi bwinobwino. Mabawuti anawamanga kuyambira pakati kupita kumbali, monga anamuphunzitsira. Anaika ndodo zokankhira mavalavu, n'kutchera matapeti, timabawuti tija totchera mpata pamwamba pa valavu iliyonse. Ankayeza ndi timalata topyapyala mpaka kamodzi kazidutsa mokokera.

Atamaliza anatenga sipanala yaikulu n'kuikoleka pabawuti yakutsogolo kwa injini.

“Iyonso ndi ya chiyani? Nthawi ikutha,” anatero Magalasi.

“Ndingozungulitsa kamodzi.”

Sipanala inayenda, inayenda, kenako inaima. Sikunali kuima kwa kulemera. Kunali kuima kwa chinthu chogunda chinzake: gu. Msomali anabwerera m'mbuyo n'kuyesanso. Inaima pomwepo.

“Zagundana, achimwene. Valavu yakhudza pisitoni.”

“Kanikiza.”

“Ipindika. Tiyenera kutsitsa hedi.”

“Utsitse chiyani?” Magalasi anatsika pathebulo. “Gasiketi ija wamanga kale, ukatsegula yatha ntchito. Ina uitenga kuti? Madala akabwera uwauza kuti yatsopano yadyedwa ndi makoswe?”

Apa Msomali anaona kuti mwendo umodzi unali kale m'dzenje. Bodza limatero, limayamba lakutsekera njira yobwerera.

Magalasi anatulutsa foni n'kuyamba kupalasa ndi chala.

“Ndinaonera penapake, n'zosavuta. Masula matapetiwo, mpata ukule. Valavu siitsika kwambiri, ndiye siigunda. Basi. Zimenezi mpaka dongo?”

“Chitsulo chikatentha chimakula. Ndipo injini ikathamanga kwambiri valavu imachedwa kubwerera. Amalume anati…”

“Ukatchulanso amalume ndikuthira mbama. Ukuganiza kuti makaniko ndiwe wekha? Kutsidya kwa msewu kuli mnyamata, wamng'ono kwa iwe, sanjenjemera. Ndikamutenge adzamalize iwe ukuonerera? Akhale pampando paja, iwe uziwatsukira amalume ako mabawuti?”

Mnyamata wakutsidyayo ndi amene ankamuseka Msomali tsiku lililonse kuti ndi wantchito wosalipidwa.

Msomali anatenga sikuludiraiva. Anamasula kabawuti koyamba, kachiwiri, mpaka tonse. Anayesa sipanala, inagundabe pang'ono. Anamasulanso. Timalata toyezera anatisiya pathebulo, poti mpata womwe ankatcherawo unalibe koyezera kake.

Ulendo wachitatu sipanala inadutsa. Inazungulira yonse osaima.

“Waona? Madala akanatha sabata,” anatero Magalasi.

4. Ntchito yosamala

Magalasi ali kalikiliki kuthira madzi ndi oyilo, Msomali anabwerera kuthebulo. Mbale ya amalume inali pomwepo, yopanda kanthu, ikudikira.

Anatapa dongo m'chitini n'kulipapatiza pathebulo ndi chikhatho. Anavundukula m'chidebe cha zitsulo zotha n'kupeza mavalavu awiri akale, yaikulu ndi yaing'ono. Anazidinda padongopo mopendeka, monga zimapondera m'kati mwa injini. Anatenga mtengo wa machesi n'kuyerekeza. Poyamba linapyapyala kwambiri, analiumbanso. Kachiwiri linakhala ndendende. Analidula ndi lezala, n'kulipaka oyilo, n'kuliika m'mbale.

Pa ntchito zonse za tsikulo, imeneyi ndiyo anaigwira mosamala kwambiri. Nthawi yomwe anataya poumba bodza ikanakwana kumata dongo loona pa mapisitoni onse.

“Kiyi anatenga amalume,” anatero atabwerera.

“Galimoto ndi ya amalume ako?” Magalasi anatulutsa kiyi wina m'thumba la malaya.

Injini inatsokomola kawiri n'kulira. Inalira mwamphamvu mpaka malata a denga ananjenjemera. Koma pamwamba pa kulirako pankamveka kena: tiki-tiki-tiki-tiki, mofulumira, osalekeza. Anali matapeti omasuka aja.

Mayi wogulitsa zipatso pachipata anasuzumira pakhomo.

“Kodi muno mwayamba utelala? Ndibweretse diresi langa?”

“Zipitani mukagulitse zovunda zanuzo,” anatero Magalasi. “Injini ya mpikisano imalira choncho. Kwera, injiniya.”

Msomali anatseka chitseko cha galaja n'kukwera. Mpando unali wolimba, wa malamba ambiri. Magalasi anamupatsa chipewa chachitsulo chonunkha thukuta la munthu wina.

5. Kubwalo lakale la ndege

Kubwaloko kunali magalimoto ambiri opakidwa manambala, anyamata a malaya owala ndi atsikana ojambula ndi mafoni. Kagalimoto kofiira katalowa, anthu anatembenuka. Msomali anatulutsa chigongono pazenera.

Itafika nthawi yawo, munthu wa mbendera anatsitsa dzanja. Magalasi anaponda. Msomali anamva msana wake ukumatirira kumpando. Mitengo ya m'mbali inasanduka mzere umodzi. Pa nthawi yochepa imeneyo anaseka, ndipo ankaona ngati amalume ake ndi nkhalamba yamantha basi.

Anazungulira kamodzi bwinobwino. Injini inatentha. Pofika panjira yowongoka Magalasi sanasinthe giya, anangoponderezabe mpaka muvi wa pagalasi unalowa pofiira.

“Achimwene, chepetsani.”

“Khala chete, umve nyimbo.”

Nyimboyo inatha ndi phokoso limodzi, ngati munthu wataya thumba la misomali m'mphika wachitsulo. Galimoto inagwedezeka, inatsamwa, utsi woyera unatuluka kumbuyo. Inayenda yokha pang'ono n'kuima pakati pabwalo, pamaso pa anthu onse.

Wina anayamba kuseka, ena n'kulandira.

Magalasi anapotokola kiyi. Injini inangoti gu, osazungulira.

“Vula chipewa changa,” anatero.

“Ndinanena kuti…”

“Vula, kamsomali kadzimbiri iwe. Unanena chiyani? Ine ndine makaniko? Sikuludiraiva inali m'manja mwa ndani? Tsika ukankhe.”

Msomali anatsika n'kukankha. Atsikana aja anamujambula akukankha, thukuta likutsika m'khosi. Mnyamata wa galaja yakutsidya analinso pomwepo, atakhala pamatayala.

“Injiniya, mafuta atha?” anafunsa.

Anabwerera atamangidwa chingwe kumbuyo kwa lole ya bambo ake a Magalasi. Njira yonse Magalasi sanalankhule naye. Ankangolankhula pafoni, ndipo mawu omwe ankabwerezabwereza anali akuti galaja ya mbava.

6. Kuseri kwa dongo

Anapeza chitseko chili chotsegula. Amalume anaima pakati pa galaja, pamalo pomwe panali galimoto, jekete asanavule. Mayi ake a Msomali anakhala pabenchi, diso limodzi litamatidwa bandeji, linalo likutuluka misozi ya mankhwala.

Magalasi anayamba kukalipa asanatsike n'komwe.

“Madala, mwandiphera injini. Mumadzitcha mmisiri koma mwandimangira zinyalala. Ndachita manyazi pamaso pa anthu chifukwa cha inu.”

Amalume sanamuyang'ane. Anayang'ana mwana wa mlongo wawo.

“Dongo unayeza?”

Apa panali pomwe Msomali akanagwada. Kuswa chitsulo kunali kokhululukidwa, ndipo iye ankadziwa.

“Ndinayeza, amalume. Mpata unalipo. Lili m'mbalemo.”

“Mwamva, achimwene,” anatero mayi ake. “Mwana wanga ali ndi zofooka zake, koma sanama. Mwina ndi zitsulo zomwe anagula bamboyu.”

Amalume anatenga mbale n'kupita nayo pakhomo pomwe panali kuwala. Anayang'ana timaenje ta mavalavu. Anayerekeza ndi mtengo wa machesi.

“Lokongola,” anatero.

Kenako analitembenuza.

“Mlongo, maso ako lero sakugwira ntchito. Ndipatse chala.”

Anagwira chala cha mlongo wawo n'kuchiyendetsa kuseri kwa dongolo.

“Ukumva chiyani?”

“Mizeremizere.”

Anawadzutsa pabenchi, n'kuwatsogolera kuthebulo, n'kuyendetsa chala chomwecho pathabwa.

“Nanga apa?”

Mayiwo anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono n'kulibisa m'nsalu.

“Pisitoni ndi yosalala, ndipo pamwamba pake pali kamuvi kolozera kutsogolo. Dongo likagona pamenepo limadzuka ndi kamuviko kumsana. Ili lagona pathebulo langa.” Amalume anaika mbale pansi. “Tenga masipanala. Utsegule wekha.”

Msomali anamasula mabawuti omwe anamanga m'mawa. Sipanala inkamupulumuka. Palibe anamuthandiza kunyamula hedi. Ataitembenuza pathebulo, mavalavu anali atapindika makosi ngati nkhuku zodwala chitopa. Imodzi inali itaduka mutu, ndipo mutuwo unali utazikika m'pisitoni. Mapisitoni enawo anali ndi zipsera ngati alumidwa.

Amalume anagwedeza tapeti imodzi ndi chala. Inali gwedegwede.

“Ndiye injini inakuuza,” anatero. “Munthu samasula matapeti chonchi popanda chifukwa. Unazungulitsa ndi dzanja, inakana, unamva. Chitsulo chinalankhula nawe, iwe n'kuchitseka pakamwa. Ndikanapeza kuti sunadziwe, ndikanati ndi umbuli, umbuli umachira. Koma iwe unadziwa. Unakhala pansi, n'kutenga dongo langa, lezala langa, machesi anga, n'kundiumbira bodza pathebulo langa, ine ndili pamzere kuchipatala nditagwira mayi ako dzanja. Ukudziwa chomwe timagulitsa muno? Si zitsulo, zitsulo zili m'sitolo. Munthu akamachoka muno ndi galimoto amakweza ana ake chifukwa ine ndanena kuti ndamanga. Sanaone m'katimo, sadzaonamo. Amakwera pa mawu anga. Lero wanama pa valavu, yafa ndi injini. Mawa udzanama pa mabuleki, ndipo adzabwera kudzandifunsa ndi anthu ovala zakuda. Ndiziti ndikakutuma, ndizitembenuza chilichonse kuseri? Ndakalamba, nthawi imeneyo ndilibe.”

“Anandikakamiza ndi iwowa,” anatero Msomali motsitsa mawu.

“Anakugwira dzanja poumba?”

Magalasi anaseka mwachipongwe.

“Zapabanja panuzo mukambirane ine nditapita. Ine galimoto ndinaisiya m'galaja yanu, osati ya mwanayu. Mawa ndikukasuma. Galaja ino itsekedwa, muona.”

“Pitani,” anatero amalume, n'kutulutsa kiyi m'thumba la jekete. “Mukawauzenso kuti kiyi amene munandisiyira ndi uyu, ndipo waswera kuchipatala cha maso. Kiyi amene analiza injiniyo mukafotokoze kuti anachokera kuti.”

Magalasi anayang'ana kiyiyo, anayang'ana Msomali, n'kutuluka.

Amalume anavula jekete n'kulikoleka pamsomali wa kukhoma.

“Mayi ako akhala. Ndi mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi. Iwe katenge zovala zako.”

“Amayi,” anatero Msomali.

Mayi ake anatembenukira kukhoma.

“Ndakuikira kumbuyo pamaso pa anthu, iwe ukudziwa kuti ukundivula. Usandiitane.”

7. Pachipata

Zovala za Msomali zinakwana m'thumba limodzi la pulasitiki. Atatuluka, amalume anakoka chitseko chamalata n'kuchitseka iye asanafike n'komwe pachipata. Mayi wa zipatso anali akulongedza katundu wake. Anamuyang'ana, anayang'ana thumbalo, n'kupitiriza kulongedza.

Anayenda m'mbali mwa msewu, osadziwa kolowera. Achibale ena analipo, koma onse ankadya m'manja mwa amalume omwewo. Nkhani ikanafika iye asanafike.

Asanakhote pakona, galimoto yoyera inaima pambali pake. Galasi linatsika. Anali Magalasi m'galimoto ina yakwawo, ndipo mkwiyo uja unali utachoka pankhope pake ngati wachita kupukuta.

“Injiniya wanga, akuthamangitsa? Nkhalamba zilibe chisoni. Mwana wa mlongo wako weniweni, chifukwa cha dongo.”

Msomali anapitiriza kuyenda. Galimoto inamutsatira pang'onopang'ono.

“Ugona kuti? Kwathu kuli chipinda cha anyamata a malole, bedi lilipo. Ntchitonso ilipo, malole safuna dongo. Ndikungofuna kanthu kamodzi kakang'ono. Mawa tikapita kokasuma, ukanene kuti matapeti anatchera ndi madala asanapite kuchipatala. Ukanenenso kuti kiyi anakusiyira ndi iwo, n'kukuuza kuti galimoto yatha, mwini wake akabwera atenge. Mboni ndiwe wekha. Mayi ako saona, wa zipatsoyo sadziwa tapeti.”

“Galaja akaitseka, amayi akhala kuti?”

“Iwo akuganizira iwe? Ndinali ndikadali panja pa galaja, ndamva akukuuza kuti usawaitane.”

Msomali anaima.

Magalasi anatambasula mkono n'kutsegula chitseko cha mbali ya Msomali. M'katimo munkatuluka kamphepo kozizira ndi fungo la mipando yatsopano.

“Kwera. Sindizimitsa injini.”

Kumbuyo, kugalaja, kunayamba kumveka hamala. Amalume anali atayamba kugogoda mavalavu opindika aja kuti atuluke m'hedi, imodzi ndi imodzi.

Msomali anasamutsa thumba lake kuchoka kudzanja lamanja kupita kulamanzere, ndipo dzanja lamanjalo linagwira chitseko.